Kamphika Kovundikira Kumunsi kwa Tiyi

Ine ndinayamba kuthyola tiyi ndili namwali, ndipo ndinasiya mawondo atakana okha. Minda ya esiteti yathu ndikhoza kuiyenda nditatsinzina, kupatula malo amodzi. Kumunsi kwa munda wakale, kumene mizere ya tiyi imathera ngati yadulidwa ndi mpeni, kuli kankhalango kotsetserekera kumtsinje. Azungu oyamba aja anakasiya chifukwa cha miyala. Ife akazi a kumalaini, kunyumba za antchito a esiteti, tikamathyola, madengu ali kumsana, tinkaimba kuti tsiku lifupike. Koma mzere ukatifikitsa pafupi ndi kankhalangoko, nyimbo inkazima yokha. Panalibe woti “khalani chete.” Tinkangomva tswa tswa wa masamba m’manja, ndipo tikakhota kulowa mzere wina, wina ankaiyambanso nyimbo ija pomwe inathera. Amuna ankayesa kuti tatopa ndi chitunda.

Chaka chija mvula inakokolola mapiri, tinamva kuti esiteti izula tiyi wakaleyo n’kudzalamo makadamiya, ndipo katapila adzasalaza mpaka kumtsinje. Akuti masiku ano katapila asanalowe, pamayamba pabwera anthu oona ngati pansi pali zamakedzana. Anabwera awiri pa galimoto yoyera. Wina anali bambo wandevu, amene ankaulutsa kandege kolira ngati njuchi zosamuka. Winayo anali mayi wa kumpoto, wamfupi, wovala jombo za amuna, Chinyanja chake chowongoka ngati cha pawailesi. Iyeyo ankayenda ndi foni yaikulu ngati thireyi, imene ankaitchula kuti tabuleti.

Alendowa anachita zaulemu, ndisawanamizire. Asanaponde m’nkhalangomo anafunsa ngati muli manda. Koma anafunsa amuna. Anawatengera kwa akapitawo athu akale, amene anapuma ntchito koma pakamwa sipanapume.

“Manda?” anatero akapitawowo, monga anandiuzira amene analipo. “Ine munda umenewu ndaulamulira kuyambira tsitsi lili bii. Mulibe ngakhale manda a nkhuku. Lembani, ndasaina ndine.”

Sananame. Ananena zimene ankadziwa.

Lachitatu lake kunabwera uthenga woti amayi odziwa kuumba akafike kushedi ya sikelo, kumene tinkayezetsa masamba. Ine kuumba ndinaphunzira kwa amayi anga, amene anabwera nalo luso limeneli kuchokera ku Mozambiki ali pamsana pa amayi awo. Tinapita anayi, tonse okalamba. Kunali chiperoni, kamvula kaja kopanda madontho kamene kamanyowetsa munthu mpaka m’mafupa. Akapitawo analiponso, ngakhale panalibe amene anawaitana.

“Inu akapitawo munayamba liti kuumba?” anafunsa mnzanga wina wa ku Khwethemule.

“Ndabwera kudzaona kuti musanamize boma.”

“Munatibera makilo pa sikelo yomweyi, lero mwasanduka mboni ya choonadi?”

Tinaseka, ngakhale mayi wa kumpoto uja anaseka chobisa pakamwa. Kenako anakhala pa benchi pakati pathu n’kuyamba kutionetsa zithunzi. Anatisonyeza mwala waukulu wokhala ndi maenje osalala, mmene anthu ena ankaperera mawere kalekale. Anatisonyeza zibulumwa zakuda zolemera, nati ndi zotsalira za ng’anjo yosungunulira chitsulo. Anatisonyeza mapale okhuthala, a mizere yopingasa pakhosi.

“Agogo, awa mukuwadziwa?”

“Awa si athu,” ndinatero. “Ife sitikhuthalitsa chonchi. Eni ake anapita makolo athu asanawoloke.”

Anakondwa, nalemba mawu angawo mu tabuleti. Anatiuza kuti chinthu chilichonse amachijambula, n’kuika kadontho pa mapu a m’makinamo, kuti ngakhale dothi litasamuka, anthu a m’tsogolo adzadziwe kuti chinali pati. Anati a esiteti avomera kusiya mwala wa maenje uja, koma kumtsetse konse kudzasalazidwa. Choncho zimene zili kumtsetseko azifukula Lachisanu kuti akazisunge kunyumba ya zakale.

“Ndiye pali ichi,” anatero. “Mvula inachivundukula theka. N’chathunthu, chovundikira. Kalembedwe kake anzangawa afufuza paliponse, sanakapeze.”

Anakhudza galasi. Panabwera kamphika kali pansi chozondoka, dothi lofiira litakazinga mbali imodzi. Sichinali chithunzi wamba. Anati anakazungulira akujambula kambirimbiri, makina n’kulumikiza zithunzizo kukhala kamphika koti ukakakankha ndi chala kamatembenuka. Anakakankhadi. Kanazungulira pang’onopang’ono, mpaka mbali imene madzi anakumba inabwera kumaso kwanga. Chakukhosi kwake kunali mzere wa timaenje, titatu titatu tophatikizana. Pamalo ena mzerewo unalumpha, ngati woumbayo anadzidzimuka.

Anadzidzimukadi. Amayi anga ndiwo anandidzidzimutsa.

Apa ndibwerere m’mbuyo. Ndili ndi mimba yanga yoyamba, ndinali mtsikana wamakani. Kwathu mkazi woyembekezera saumba, ndipo mwana sumukonzera kanthu asanalire. Ine ndinkadziwa zonsezi. Koma tsiku lina la Sabata, titachokera kutchalitchi, ndinatenga dongo la amayi n’kukabisala kuseri kwa khola. Ndinkafuna kamphika kotenthetsera madzi osambitsira mwana wanga, kopanda wina amene anakagwiritsapo ntchito. Chokometsera pakhosi ndinalibe, ndiye ndinatola chikhokho cha njere za tiyi. Amene anathyolapo tiyi amachidziwa, chimakhala ndi timatumba titatu. Ndinayamba kudinda, kudinda, ndikuimba. Ndili mkati amayi anatulukira.

“Iwe! Ukuitana chiyani?”

Dzanja linalumpha. Amayi sanandimenye. Anakayang’ana kamphikako nthawi yaitali, kenako anati poti kaumbidwa kale, kukaphwanya n’koipa koposa. Anakaotcha okha pamodzi ndi miphika yawo, n’kukakweza kudenga.

Mwanayo anabwera nthawi ya tiyi wambiri, masana, dzuwa lili pamutu. Sanalire. Ndinamva azamba akumuwaza madzi, ndinamva kambama, kenako ndinamva amayi akutseka chitseko. Sanandionetse. Sanandiuze ngati anali wamwamuna kapena wamkazi. Mwana wotero timamutcha nthayo. Alibe maliro, alibe bokosi, salowa kumanda a akulu. Amamunyamula amayi aakulu okha, opanda mwamuna ngakhale mmodzi, n’kukamugoneka m’dzenje losazama pafupi ndi madzi, n’kuvundikirapo mphika. Mayi wake sapita, safunsa, salira mokweza, ndipo moyo wake wonse samutchula. Akuti ukamutchula umamuitana, ndipo akabwera amadzatseka njira ya obadwa pambuyo, kaya m’mimba mwako, kaya mwa ana ako.

Nditadzuka pa chikuta ndinayang’ana kudenga. Kamphika kanalibepo. Sindinafunse. Patapita milungu ingapo ndinabereka dengu, ndipo mzere utandifikitsa kumunsi kuja, ndinamva nyimbo ikuzima. Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa chifukwa chake. Kenako ndinabereka ana asanu amoyo, ndipo aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti woyamba wanga ndi uja ali ku Bvumbwe.

Ndiye taonani, nditakalamba chonchi, mlendo akundizunguzira kamphika kaja pa galasi.

“Agogo, mukukadziwa?”

Anzanga atatu aja anali atazolika. Iwo kamphikako sanakadziwe, koma mphika wovundikira pafupi ndi mtsinje mkazi aliyense wa msinkhu wathu amaudziwa. Akapitawo ndiwo anayankha.

“Awa sangadziwe, mayi. Zimenezo n’za Akafula. Tengani mukaike mu galasi, Thyolo atchuke.”

“Sindikukadziwa,” ndinatero ine.

Ndinabwerera kunyumba. Pakhonde ndinapeza mdzukulu wanga wamkazi akusankha nyemba, lichero litakhazikika pamwamba pa mimba, poti anali m’mwezi wake wachisanu ndi chitatu. Mimba yoyamba. Ankaimba.

“Agogo, akujambulani? Mutuluka pa kanema?”

“Siya kuimba, nyembazo ukusiyamo miyala.”

Lachinayi lonse ndinali ngati munthu wodwala malungo. Ndikayang’ana kumunsi ndinkaona kandege kaja kakuzungulira pamwamba pa mitengo. Ndinkati ndikhale chete, monga ndakhalira zaka zonsezi. Akachotsa kamphika, katapila n’kubwera, wanga uja pamodzi ndi anzake adzasakanizidwa ndi dothi, makadamiya n’kumera pamwamba pawo, mtedza wake n’kukadyedwa kunja. Ndikalankhula, ndamutchula. Ndipo apa panali mwana wa mwana wanga akupuma movutikira, akugwira msana. Ndinapemphera, poti ndine wa Mvano, yunifolomu ndili nayo. Ndinadziuza kuti zimenezi n’zachikale, abusa anatiphunzitsa kuti akufa alibe mphamvu pa amoyo. Koma mawu a abusa ankafika m’makutu, pamene mawu a amayi anga anali m’mimba.

Chimene chinandidzutsa Lachisanu m’mawa sichinali kulimba mtima ayi. Ndinakumbukira manja a bambo wandevu uja, aakulu, aubweya. Ndinaganiza kuti manja amenewo ndiwo adzavundukule, ndipo munthu woyamba kuona mwana wanga adzakhala mwamuna wachilendo, pamene ine mayi wake sindinamuone. Ndinavala juzi, ndinadzera ku mitengo yakale ya mbewu kukatola chikhokho chimodzi cha tiyi, n’kutsetsereka.

Chifunga chinali chitaphimba minda, moti mizere ya tiyi inkaoneka ngati ikutuluka m’madzi. Ndinawapeza m’mphepete mwa kankhalango akutsitsa zingwe, timakasu ndi bokosi lokhala ndi thonje mkati. Bokosi limenelo linandiwawa. Linali laling’ono ndithu, la msinkhu wake. Akapitawo anali pomwepo ndi ambulera, akulangiza anthu ntchito imene sakuidziwa.

“Amayi,” ndinatero kwa mayi wa kumpoto uja, “ndili ndi mawu. Koma amuna asunthe.”

“Ha! Ayamba,” anatero akapitawo. “Nkhani za akazi pa ntchito ya boma?”

“Akapitawo, munandilamulira zaka zambiri, ndipo ndinkamvera. Lero pitani mukaime pa bulugamu uyo.”

Sindikudziwa chimene anaona pankhope panga. Anapita, ndipo wandevu uja anawatsatira.

Ndinagwada pamatope. Ndinasalaza dothi ndi chikhatho, n’kudindapo chikhokho chija. Titatu. Ndinadindanso. Titatu. Mayiyo anayang’ana pansi, anayang’ana pa tabuleti, anayang’ananso pansi. Kenako anakhala chonjuta pafupi nane, jombo zake zikumira.

“Ndi tiyi,” anatero motsitsa. “Ndiye si kakale.”

“N’kakale ngati ine. Ndinaumba ndine.”

“Nanga kanafika bwanji kuno, agogo?”

Mawu amenewo ndinali ndisanawatulutsepo, ngakhale kwa malemu amuna anga, ngakhale m’pemphero. Ndinati, “Pansi pake pali mwana wanga woyamba.”

Nditangotero ndinamvetsera. Ndikunena zoona, ndinamvetsera ngati kungachoke kulira m’nkhalangomo. Kunali madzi okha akudontha m’masamba.

Mayiyo anagwira pakamwa. Anati kwawonso ziliko zimenezi, agogo ake ankazinena monong’ona, koma iye anakulira m’tauni ndipo sizinamubwerere m’mutu. Anati anafunsa za manda monga pepala limanenera, n’kuyankhidwa. Ndinamuuza kuti anafunsa khomo lolakwika.

“Ali yekha?” anafunsa.

“Ayi, muli ana a malaini onsewa, kuyambira nthawi ya amayi anga mpaka chipatala chitayandikira. Muwerenge nokha.”

Anandifotokozera mosabisa. Anati kamphika ka zaka zanga sikangaimitse katapila, koma manda angamuimitse, ngati aonetsedwa pa mapu pamene ali, ndipo ngati pali anthu ovomereza. Mawu a nkhalamba imodzi a kuofesi akhoza kuwakayikira. Anafunsa ngati alipo wina amene akudziwa malo enieni.

Analipo mmodzi. Mwa azamba onse a nthawi imeneyo anatsala mayi wina wa ku Nsabwe, amene anali wamng’ono pa gulu lonyamula, wakhungu diso limodzi, wokhala kwa mwana wake kuseri kwa fakitale. Galimoto yoyera inakamutenga, ine ndili momwemo. Nditamuuza chimene ndachita anandiyang’ana ndi diso lake lija.

“Wamutchula?”

“Ndamutchula.”

“Mdzukulu wako ali ndi pakati.”

“Ndikudziwa, achemwali.”

Anatafuna m’kamwa mopanda mano kwa nthawi. Kenako anati, “Ndipatseni ndodo yanga. Akatapila aja sadziwa kufunsa.”

Masana amenewo nkhani inayenda m’malaini monga zimayendera nkhani za akazi, pamjigo ndi pachigayo. Pofika ife kumunsi, tinapeza amayi okalamba ataima m’mphepete mwa tiyi, ena amene sindinkawaganizira n’komwe, ena amene tinkakhala nawo benchi imodzi kutchalitchi zaka zonsezi. Palibe analonjera mnzake. Palibe analowa. Analowa awiri okha, azamba ndi mayi wa tabuleti. Ife tinkaona misana yawo pakati pa mitengo. Azamba ankaima, n’kugogoda pansi ndi ndodo, mayiyo n’kuima pomwepo kukhudza galasi. Ankasuntha pang’ono, ndodo n’kugogodanso. Malo ena miphika inali itaphwanyika kale, malo ena panalibe chooneka chilichonse, koma ndodo inkagogoda basi. Ine ndinasiya kuwerenga.

Atatuluka, mayiyo anationetsa mapu. Kumtsetse konse kunali timadontho tofiira, ngati chikuku. Anafunsa ngati tikufuna alembe mayina a eni ake.

“Alibe mayina,” anatero azamba. “Ndipo uyu ndi wa yani, uyo ndi wa yani, ndipita nazo ndekha. Inu lembani kuti alipo.”

Anajambula mzere wozungulira timadontho tonse, natiuza kuti atumiza kuofesi ya esiteti ndi kwa akuluakulu ake tsiku lomwelo. Anajambulanso mawu athu, aliyense wofuna, nkhope osaonetsa. Amayi ankabwera mmodzimmodzi, kuweramira makinawo n’kunena kuti, “Ndine wa malaini akumtunda, ndikuvomereza.” Osapitirira apo. Akapitawo anali chiimire pa bulugamu paja, ambulera atatseka, mvula ikuwanyowetsa. Akazi awo analinso pamzerewo.

Anthu atabalalika, mayiyo anandiitanira pambali. Anati kamphika akakwirira bwinobwino ndi manja ake, osakasuntha. Koma chithunzi chozungulira chija ndi changa, ndinene ngati achifufute.

“Ndibwerekeni kaye,” ndinatero.

Anandiika tabuleti pamiyendo. Chala changa n’chokakala, galasi linayamba lakana, kenako linamvera. Ndinakazunguza kamphika. Ndinapeza pamene dzanja linalumpha. Ndiye ndinachita chimene ndinabwerera. Ndinakankhira chala m’mwamba, kuti kagadabuke, ndione kunsi.

Kanagadabuka. Kunsi kunalibe kanthu. Osati dothi, osati mdima wa mumphika. Kunali chibowo chotuwa, m’mphepete mwake mong’ambika ngati nsalu.

“Makina amasunga zokhazo zimene aona, agogo,” anatero. “Kunsiko sitinaoneko.”

Ndinayang’ana chibowocho nthawi yaitali. Kenako ndinakabwezeretsa kamphika mmene kanalili, chovundikira. Ndinamuuza kuti asafufute, poti azamba akapita, ine n’kupita, adzatsale wonena kuti pamenepa pali anthu. Koma achitsekere, chisamaonetsedwe kwa aliyense wongofuna kuona zokongola. Anati makinawo ali ndi kotsekera, ndipo analemba momwemo ine ndikuona, ngakhale zolembazo sindiziwerenga.

Katapila anabwera mvula itatha. Anazula tiyi yense amene ndinathyola moyo wanga wonse, koma atafika pa zikhomo za simenti zimene anazika motsatira mzere wa pa mapu uja, anakhota. Kankhalangoko kalipo mpaka lero, kokha pakati pa timitengo ta makadamiya.

Mdzukulu wanga anachira kuchipatala. Ine ndinali panja pa benchi, ndipo mwezi wonse wapitawo ndinali ndisanadye chakudya n’kuchimva kukoma. Namwino atatuluka sindinafunse kuti ndi mwana wanji. Ndinafunsa kuti, “Walira?” Anati walira mpaka wasokosa wodi yonse. Sindinena kuti amayi anga ananama. Mwina mwana wanga woyamba uja anamva kuti ndinamutchula pofuna kumutchinjiriza, n’kundileka. Sindikudziwa. Mwana wa mdzukulu wangayo akagona masana ndimapitabe kukaika chala pamphuno pake, mayi wake n’kumandiseka.

Atsikana a masiku ano amene amapalira makadamiya amadutsa m’mphepete muja mafoni akuimba m’matumba, ndipo nyimbo zawo sizizima. Sindiwadzudzula. Ine ndimafika pa chikhomo choyamba cha simenti, n’kuima. Mkati sindinalowebe. Kuumba ndimaumbabe pang’ono manja akalola, koma mphika ukauma ndimauyanika chagada, kukamwa kuli kumwamba. Wina akauvundikira ndimadzuka kukautembenuza.